Thandizeni: malamulo a Ayuda pa nkhani ya amuna ogonana okhaokha

Moni nonse abale ndi alongo m'gulu muno. Ndikulemba ntchito ya kusukulu ya zaumulungu pa momwe malamulo a Ayuda, omwe eni ake amawatcha halakha, amaonera kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo ndafika pomwe mutu waima.

Levitiko 18:22 ndi 20:13 ndawerenga, nkhani ya chilango cha imfa ndaimva. Ndapezanso kuti mavesi awiriwa akunena za amuna okha, ndipo za akazi anazaletsa pambuyo pake arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) monga Maimonides. Mabuku omasulira Baibulo omwe ndinabwereka ku laibulale akungofotokoza mbali ya Chikhristu. Ndinafunsa aphunzitsi athu, iwo anangoti ndifufuze ndekha. Pa intaneti ndiye anthu akungotukwanana, osafotokoza kanthu.

Pomwe pandikola ndi apa. Ayuda ali ndi magulu osiyana: a Orthodox amaletsabe, a Reform anavomereza mu 1990 kuti anthu ogonana okhaokha atha kukhala arabi. Koma mu Disembala 2006 komiti ya malamulo ya Ayuda a gulu lina la Conservative ku America inavomereza zigamulo ziwiri zotsutsana tsiku limodzi: cha Joel Roth choletsa, ndi cha Elliot Dorff, Daniel Nevins ndi Avram Reisner chololeza arabi otere, potsamira pa mfundo ya ulemu wa munthu, ngakhale chinasiyabe lamulo la m'Levitiko lili chilili.

Zimatheka bwanji komiti imodzi kuvomera zonse ziwiri? Nanga rabi wa pa sunagoge amatsata chiti, amasankha yekha? Amene munaphunzirapo za Chiyuda ndiunikireni chonde, ntchitoyi ikufunika Lachisanu. Sindikufuna mkangano wa zabwino kapena zoipa ayi, ndikungofuna kumvetsa momwe malamulowa amayendera.