Damu lathu ndi kampani ya mapampu

Mlembi: Makolo ndi abale, nazi zomwe zatuluka kwa amfumu. Kampani ija ikufuna kuika mapampu a sola ndi kumanga ngalande ya simenti kuchoka padamu mpaka kumadimba. Zochotsa matope m'damu akuti tipemphe ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha konsitichuwensi iliyonse) kudzera ku WDC (komiti ya chitukuko ya wadi yathu). Mlimi azilipira madzi pa lima iliyonse, iwo azigula matimati ndi anyezi. Tiwayankhe chiyani?

Malume a ku Kitwe: Tivomere msanga. Mwaiwala 2024? Chimanga chinauma chisanabereke, mpaka a Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. CDF inakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, inde, koma masukulu, zipatala ndi milatho zonse zikuyang'ana pomwepo. Boma lokha silingathe.

Amai a kudimba: Malume, madziwo tikuwafuna tonse. Koma pepala lawolo likungokamba za madzi olowa, za otuluka zii. Dimba langa lili kumunsi, m'mphepete mwa dambo, dothi lake ndi lamakande. Akumtunda akathirira ndi makheni chabe, kwathu kumakhala chinyontho sabata yathunthu. Nanga akayatsa mapampu? Repu imachita chikasu, matimati amaola mizu, udzudzu ndiye osanena. Mvula ya January ikalimba, ngalande yotayira madzi adzafukula ndani? Kampani idzati ndi ya khonsolo, khonsolo idzati ndi ya kampani, makasu tidzagwira ndife azimai.

Aphunzitsi opuma: Amai anena zoona. Ndionjezepo za chilolezo. Madzi othirira ochuluka chonchi amafuna chilolezo cha WARMA (bungwe la boma loyang'anira madzi), malinga ndi lamulo la 2011. Chilembedwe m'dzina la kopaletivu yathu. Chikakhala cha kampani, tsiku lomwe tidzasemphane pa mtengo adzangotseka mpopi. Malowonso akhalebe m'manja mwa amfumu, asatengerepo taitolo.

Mdzukulu wa ku Kapata: Agogo, akatchinga waya ng'ombe zizikamwera kuti? Komanso matimati akasefukira pa Saturday Market ku Chipata mtengo umagwa. Iwo adzagulabe?

Malume a ku Kitwe: Mafunso ndi abwino, koma tikachulutsa zofuna adzapita ku Katete kapena ku Chadiza, ife n'kutsala ndi damu la matope.

Amai a kudimba: Ngati ngalande imodzi yokha ingawathawitse, apite, malume. Ine sindingalipire madzi ondiolera mbewu.

Wapampando: Tisakangane, abale. A mlembi, lembani kuti ngalande yotayira madzi imangidwe pamodzi ndi yothirira, ndipo pepala linene woisamalira chaka ndi chaka. Chilolezo chikhale chathu, ng'ombe zisiyidwire pomwera. Za mtengo tikakambe nawo maso ndi maso, alangizi a zaulimi ndi akhansala alipo.

Amai a kudimba: Muwauze Loweruka avale magambutsi. Msonkhano tikayambire kumunsi kwa dimba langa, kwa amfumu tipita pambuyo.

Msungichuma: Amene simunatumize ya thiransipoti ya a mlembi, chonde pofika Lachinayi.