Furnace ikumangozima yokha, ndikonzetse kapena ndigule ina?

Moni abale anga nonse a pagulu pano, makamaka inu a ku South Bend ku America kuno ndi madera ozungulira. Ndavutika ndithu, furnace yathu ya gasi, makina otenthetsa m'nyumba aja, ikumayaka kamphindi kenako nkuzima, fani nkumangopemerera mphepo yozizira, ndiye ndi chisanu chochokera ku Lake Michigan chija ana akugona atavala majekete.

Filter ndasintha, mabatire a thermostat ndaika atsopano, flame sensor (kachipangizo koona ngati moto wayaka) ndinaichotsa nkuipukuta bwinobwino, furnace inayaka usiku umodzi mmawa nkuyambiranso zomwezo. Ndinaitana wokonza, atasuzumira ndi tochi anati heat exchanger, chitsulo cholekanitsa utsi ndi mpweya wolowa m'nyumba, yang'aluka, akuti ikhoza kumatulutsa carbon monoxide, mpweya wopha uja wosanunkha, moti anatseka gasi pompo. Kukonza akuti $1,800, yatsopano ndi kuika komwe $5,500. Koma mng'alu wakewo sanandionetse, mpamene mtima wanga sukukhazikika.

Furnace yake ndi ya 80% (kutanthauza kuti 80% ya mphamvu ya gasi ndiyo imasanduka kutentha kwa m'nyumba), ya zaka 17, ili ku basement, utsi umatulukira mu chimney. Akuti ndikatenga ya 96% afunika kuboola khoma kuti adutsitse mapaipi a PVC, ndalama zinanso zimenezo. Panopa tikudalira tima heater ta magetsi ndipo ndikuopa kuti mapaipi a madzi aundana nkuphulika.

Ndiye ndithandizeni, mitengo imeneyi ndi yoona kuno kapena akundidyera? Ya 96% imatsitsadi bilu ya gasi moti nkubweza ndalamazo? Nanga alipo anathandizidwapo ndi Energy Assistance Program, thandizo la boma pa zotenthetsera m'nyumba lija, pa nkhani ya furnace? Amene mukudziwa wokonza wokhulupirika woti adzaonenso, chonde ndilembereni ku inbox lero lomwe.