Thandizeni kuwerenga positikhadi ya agogo yomwe yafufutika

Moni nonse abale ndi alongo pagulu lino. Ndili ndi positikhadi yakale imene agogo anga aamuna analembera agogo aakazi ali pa ntchito ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Vuto ndi loti analemba ndi pensulo, ndiye mawu ambiri afufutika.

Kutsogolo kuli chithunzi cha mlatho wa Victoria Falls. Kumbuyo kuli sitampa ya Southern Rhodesia yokhala ndi nkhope ya Mfumu George VI, amene analamulira kuyambira 1936 mpaka 1952, koma chidindo cha positi chaka chake sichikuoneka. Adiresi ikuwerengeka bwino: Port Herald, Nyasaland, kutanthauza ku Nsanje. Uthengawo uli m'Chinyanja, timalemba tothithikana mpaka m'mphepete. Ndikutha kuona malonje, dzina la amayi anga, ndi penapake pokamba za bulangeti. Mizere yapakatiyo, mmene muli nkhani yeniyeni, ndi mbuu.

Ndajambula ndi foni padzuwa komanso pamthunzi, ndasikana pa kompyuta n'kuderetsa chithunzicho, koma zangoonetsa kwambiri madontho a nkhungu amene ali papositikhadipo. Kushopu ina anati aimate pulasitiki yotenthetsa ija, ine ndinakana poopa kuti iwonongekeratu.

Kodi alipo amene anawerengapo pensulo yofufutika chonchi? Ndamva zoti kuunikira tochi chammbali kumaonetsa mikwasa ya pensulo, kodi zimathandizadi? Nanga nkhunguyo ndingaichotse bwanji osakhudza malembawo? Amayi akalamba, ndikufunitsitsa ndiwawerengere mawu a bambo awo akadali moyo.