Guluu wanji angagwire uta wa nsungwi ndi thabwa osamatuka?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndine kalipentala ku Lilongwe kuno, ndipo chaka chino ndayamba kupanga mauta. Agogo anga ankasema uta pamtengo umodzi basi. Ine ndikufuna wophatikiza: nsungwi kumsana (mbali yoyang'ana kutsogolo), thabwa lolimba kumimba (mbali yoyang'ana woponya), poti nsungwi imapirira kukokeka pomwe thabwa limapirira kufinyika.

Woyamba ndinamata ndi guluu woyera uja timamatira mipando, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga masiku awiri. Unaponya bwino milungu itatu. Tsiku lina mu Okutobala ndinauiwala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, nsinga ili chikokere. Madzulo nditaukoka ndinangomva kuti thyo! Nsungwi inamatuka kuyambira pogwirira, kachibenthu n'kundidutsa pafupi ndi diso. Mwana wanga wa zaka 12 anali pambali panga, ndipo utawu ndinkapangira iyeyo. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndikumva kuti anzathu akunja amamatira Smooth-On EA-40, ena Titebond III, ena Cascamite wa ufa uja. M'mahadiweya momwe ndafunsa akungondionetsa epoxy wa mphindi 5. Ndigule uti, nanga ndimupeza bwanji?

Yankho loyamba:
Pepani achimwene. Guluu woyerayo ndi PVA. Akatenthedwa amafewa, ndipo chinthu chikakhala chokokeka nthawi yaitali amatsetsereka pang'onopang'ono. Mpando supindika, n'chifukwa chake simunazionepo. Titebond III nayenso ndi wa mtundu womwewo, ngakhale saopa madzi. Wa mphindi 5 musayerekeze, amauma musanamalize n'komwe kumanga mphira. EA-40 ndi epoxy, guluu wa zigawo ziwiri zomwe mumasakaniza muyezo wofanana, amakupatsani maola awiri oti mugwire ntchito, n'kuuma pa maola 24.

Yankho lachiwiri:
Musanaimbe mlandu guluu, tayang'anani pomwe pamatukapo. Ngati guluu yense watsalira mbali imodzi, vuto ndi kakonzedwe. Nsungwi muzipala mkati mokha, kunja ndi komwe kuli mphamvu. Mbali zomatazo, ya nsungwi ndi ya thabwa, zikandeni ndi mano a hakisoo, pukutani ndi mankhwala ochotsa mafuta otchedwa acetone, ndipo musazigwirenso ndi zala. Mukatha kuponya, masulani nsinga.

Yankho lachitatu:
Ine ndili ku Johannesburg, ndingakufunsireni za EA-40 kwa ogulitsa utomoni wa faibagilasi. Cascamite amagwira zedi, koma ufa wake ukalowa chinyezi ndiye kuti watha ntchito. Wa chitini chokhalitsa musagule.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Ndakatenga zidutswa zija kushedi: guluu yense ali kuthabwa, nsungwi ili see ngati sinamatidwepo. Ndinaipukuta ndi sandipepala wosalala kwambiri. Achimwene a ku Joni, mukampeza EA-40 ndiuzeni mtengo, mlamu wanga akwera basi yobwera kuno mwezi wamawa. Mwanayu sagwiranso uta mpaka nditaukoka ndekha maulendo 200.