Datsun yanga ikunjenjemera ikafika 80, ndithandizeni

Akuluakulu odziwa za magalimoto, ndabwera ndi vuto. Ndili ndi Datsun 120Y ya 1976 imene anandisiyira malemu malume anga. Yakhala pa njerwa kuno ku Dedza zaka zambiri, ndiye chaka chino ndaidzutsa: injini, mabuleki, penti, zonse.

Mtauni muno imayenda bwinobwino. Koma ndikalowa mu M1 kupita ku Ntcheu, ikangofika liwiro la makilomita 80 pa ola, imayamba kunjenjemera. Chiwongolero sichigwedera kwenikweni ayi, kunjenjemerako kumachokera pansi pa mpando, mpaka galasi loonera kumbuyo silionekanso. Ndikadutsa 95 kumachepa pang'ono. Potsetsereka chakufupi ndi Lizulu ndinaponda klatchi injini ikulira pang'onopang'ono, koma sikunasiye, ndiye injini ndaichotsa pa mlandu.

Matayala akutsogolo anabalansidwa, akumbuyo ayi, ndipo ndi akale ndithu. Makaniko wina akuti ndisinthe mashoko, koma ine mtima uli pa propshafti (chitsulo chachitali cha pansi pa galimoto chimene chimapititsa mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo), popeza tinaimasula osaika zizindikiro pobwezera.

Kodi ndiyambire kuti, ma universal joint (zolumikizira za pa propshafti) kapena malimu akumbuyo? Nanga joint yotha mumaidziwa bwanji galimoto ili pa jeke? Ndalama zatsala zochepa, abale anga, sindifuna kugula zinthu mongoganizira.