Mankhwala a maganizo amuwenga mchimwene wanga, milomo yachita zilonda: tidikire tsiku lake?

Mlongo wa ku Luchenza

Mchimwene wanga wa zaka 26 anayamba kumwa carbamazepine masabata atatu apitawo chifukwa cha matenda a maganizo, aja osagona tulo n'kumangolongolola. Dzana anatentha thupi n'kumadandaula pakhosi, ife tinkayesa chimfine. Lero maso afiira, milomo yachita zilonda, pachifuwa patuluka mawanga akuda okhala ndi matuza. Amamwanso ma ARV ndi Bactrim. Tamupatsa piriton koma ayi ndithu. Tsiku lake lobwerera kuchipatala ndi Lachinayi sabata yamawa. Tidikire? Nanga mankhwalawo timusiyitse, poti anatiuza kuti asamadumphitse?

Namwino wa ku Bvumbwe

Achemwali, musadikire Lachinayi. Nyamukani lero lomwe, ngakhale kutada, mupite pachipatala chachikulu cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, komwe kungakufupikireni. Asamwenso carbamazepine ngakhale m'bulu umodzi, ndipo Bactrim nayenso ayambe waima mpaka adokotala amuone.

Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi Stevens-Johnson syndrome. Si ziwengo wamba zongoyabwa. Chitetezo cha m'thupi chimaukira khungu ndi mnofu wofewa wa m'kamwa, m'maso ndi kumaliseche, khungu lapamwamba n'kufa n'kuyamba kusupuka ngati munthu wapsa ndi madzi otentha. Kawirikawiri zimayamba pakati pa masiku 4 ndi 28 chiyambireni mankhwala atsopano, nthawi zina mpaka masabata 8, ndipo zimayamba ngati chimfine, monga momwe mwaoneramu. Anthu omwe ali ndi HIV zimawagwera kwambiri kuposa ena. Piriton amangoziziritsa kuyabwa, matendawa sawaimitsa.

Tengani buku lake la kuchipatala ndi timapepala tonse ta mankhwala, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba omwe. Bactrim payekha amayambitsanso matendawa, ndiye adokotala adzafuna kudziwa tsiku lomwe anayamba mankhwala alionse. Ngati Bactrim wakhala akumwa kwa zaka popanda vuto, woganiziridwa kwambiri ndi watsopanoyo. Za ma ARV musagamule nokha, adokotala akanene okha kumeneko.

Panjira: musaphulitse matuza, musapake phulusa, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba. Mumufunditse chitenje choyera chofewa. Ngati akutha kumeza, azimwa madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono.

Wa ku wodi

Ndiwonjezere za kuchipatalako kuti musadzadabwe. Amugoneka, ndipo musakane. Kukula kwa vuto amayeza ndi chikhatho cha wodwalayo: chikhatho chimodzi ndi zala zomwe ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu lonse. Losupuka likachepera 10 peresenti ndiye Stevens-Johnson, likapitirira 30 peresenti ndi toxic epidermal necrolysis, yomwe imapha ambiri. Zikakula chonchi akhoza kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chimapha munthu si matuzawo ayi, koma kutha madzi m'thupi ndi tizilombo tolowera pakhungu lotseguka. N'chifukwa chake pamakhala diripi, kutsuka zilonda ndi kuphimba ndi bandeji ya vaselini yosamatirira. Inu omudikirira sambani m'manja ndi sopo musanamugwire, ndipo odzazonda achepe, ngakhale achibale ena adandaule. Chakudya chikhale phala lamadzimadzi lozizira, mkaka, nthochi yofinya. Tsabola ndi mandimu ayi.

Maso ndiwo ambiri amaiwala poti aliyense amathamangira khungu. Zikope zimatha kumatirira ku diso, munthu n'kuchira thupi lonse koma osaonanso bwino. Pemphani kuti wa maso amuone tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo mankhwala odontheza m'maso asadumphe nthawi. Muwauzenso ngati akumva kuwawa pokodza.

Masiku oyambirira akhoza kuoneka ngati akuipiraipira ngakhale mankhwala asiyidwa. Zimatero. Khungu latsopano limamera m'masabata awiri kapena atatu, mawanga amatenga miyezi, zikhadabo nthawi zina zimathothoka n'kumeranso.

Bambo a ku Chitakale

Kwa ena omwe akuwerenga, si chilichonse chodabwitsa chomwe chili kuwengedwa. Wina akamwa haloperidol kapena chlorpromazine, omwe ndi mankhwala enanso a maganizo, khosi n'kupindika, lilime kutuluka, maso kuyang'ana kumwamba, imeneyo ndi minofu yakungika. Imamasuka ndi jakisoni kapena mapiritsi a benzhexol kuchipatala, si kulodzedwa. Chlorpromazine amapangitsanso khungu kupsa ndi dzuwa, makamaka kwa othyola tiyi tsiku lonse: chipewa ndi malaya a manja aatali zimathandiza.

Zothamangira nazo pompopompo ndi izi. Kutupa milomo, lilime ndi pakhosi, kubanika, chizungulire patangopita mphindi kapena maola ochepa chimwereni mankhwala: pamenepo pafunika jakisoni wa adrenaline pantchafu, 0.5 mg kwa wamkulu, wobwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Kwinaku, thupi kutentha kwambiri, kuuma gwa ndi kusokonezeka mutu kwa womwa haloperidol kapena wolandira jakisoni wa maganizo wa pamwezi.

Mlongo wa ku Luchenza

Zikomo nonse, tapeza galimoto. Koma mantha anga ndi akuti akasiya mankhwalawa matenda aja abwerera.

Namwino wa ku Bvumbwe

Mantha amenewo ndi oona, koma mankhwala ena alipo. Ali muwodi momwemo pemphani kuti wa matenda a maganizo adzamuone n'kumusankhira ena. Sodium valproate amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa amuna, pomwe kwa amayi oti angathe kutenga pathupi amapewedwa chifukwa amapundula mwana m'mimba. Inu muziyang'anira tulo: akayamba kugona maola ochepa usiku uwiri kapena utatu motsatizana, nenani msanga.

Asanatuluke, adokotala alembe ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake kuti carbamazepine anamuwenga, ndipo buku likadzadza mukopere mawuwo m'latsopano. Asadzamwenso moyo wake wonse, ngakhale wina atanena kuti tiyese pang'ono, poti ulendo wachiwiri zimabwera msanga komanso mwamphamvu. Phenytoin ndi phenobarbitone, aja a khunyu, ndi apachibale a carbamazepine, ndiye alembedwenso pomwepo pamodzi ndi lamotrigine, enanso a khunyu. Jambulani tsambalo pafoni yanu ndi yake.