Azimayi thandizeni, makapusozi a mafuta a nsomba ndipitilize kumwa? Ndine woyembekezera

Membala wobisa dzina:
A admin chonde dzina langa lisaoneke, muno muli abale a amuna anga ambiri. Ndili ndi pakati poyamba ndipo mantha andigwira. Kusikelo anatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, nesi wina nkunena kuti nsomba zili ndi mafuta aja amati omega-3 othandiza ubongo wa mwana. Vuto langa fungo la usipa likangondipeza ndimathamangira kuseli kukasanza, olo aneba akamakazinga kwawo ine kuno mseru basi. Amuna anga ndikati mugule chambo amati ndalama palibe koma ya bandulo ndi kubetcha mpira imapezeka tsiku ndi tsiku. Apongozi anabwera kuchokera ku Dedza akuti adzandithandize koma ntchito yawo ndi kundiletsa mazira, akuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, tsiku lina anachita kundichotsera dzira mmbale pamaso pa mwana wa eni nyumba ine manyazi. Magetsi nawo akungozima, firiji ndi ya eni nyumba ndipo ukaikamo kanthu amakuyang'ana ngati waba. Nde alamu anga aku Joni ananditumizira botolo la makapusozi a mafuta a nsomba pa basi, ndamwa masabata awiri tsopano. Dzulo mnzanga wakutchalitchi wandiuza kuti ena mwa mafuta amenewa amaononga mwana mmimba. Usiku wonse sindinagone. Ndipitilize kapena nditaye? Nanga popeza nsomba sindikudya mwana wanga adzakhala bwinobwino?

Nabanda Original:
Tayani zimenezo asisi. Lero lomwe. Ine ndabereka ana 5 onse ali moyo wina ali ku yunivesite, sindinamwepo kapusozi olo imodzi. Amayi anga anabereka 9 akudya nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa. Azimayi a masiku ano chilichonse mukufuna chichokere mubotolo, nsinjiro zili pamsika pompo mafuta ake ndi omwewo.

Make Tamanda:
Pepani ndi nkhawayo achemwali. Ine ndimagwira ntchito kusikelo. Musanataye kapena kupitiliza tiuzeni kaye pabotolopo palembedwa chani kwenikweni, komanso mimba ili ndi miyezi ingati. Pali fish oil wamba ndiye pali cod liver oil, awiriwa ndi osiyana. Cod liver oil amachokera ku chiwindi cha nsomba ndipo ali ndi vitamini A wambiri, vitamini ameneyu akachuluka amatha kusokoneza kapangidwe ka mwana makamaka miyezi itatu yoyamba. Mwina ndi zimene mnzanuyo anamva. Jambulani botololo kutsogolo ndi kumbuyo mutumize.

Bambo a Junior:
Kkkkk koma apongozi kuchotsa dzira mmbale ndiye anadya okha kapena? Ine wanga mayi ake ankadya mazira awiri mmawa uliwonse, anabadwa ndi tsitsi loti tinkafuna kumupititsa ku baba shopu ali ndi sabata imodzi.

Nabanda Original:
Abambo inu nkhani za azimayi zikukukhudzani pati? Ndinu omwe mukuthera ndalama pa mpira akazi anu akusowa ndiwo.

Bambo a Junior:
Ine sindibetcha amayi, ndinaleka chaka chatha kkkk

Mtsikana wa ku Nkhotakota:
Usipa umene mukudya ku tauni ndi umene ukukusanzitsani, umakhala wakhalitsa mmatumba mpaka mafuta ake amasasa nkuyamba kununkha. Kuno kunyanja wauwisi sununkha choncho ai. Yesani ofutsa, muchotse mitu ndi matumbo, muviike mmadzi ofunda kaye kenako muphike ndi tomato wambiri nkufinyilamo ndimu. Wina akuphikireni inu muli kutali, mudye utapola pang'ono. Ine mimba yanga yachiwiri ndinkatero.

Make Tamanda:
Zoona, ndipo ngati mungathe mitu musachotse yonse, kudya kansomba konse ndi minga yomwe kumapatsanso calcium wolimbitsa mafupa. A Nabanda nsinjiro ndi zabwino kwambiri ndipo adye ndithu, koma mafuta ake ambiri ndi mtundu wina, omega-3 mulibemo wokwanira. Amene amamanga ubongo ndi maso a mwana amatchedwa DHA ndipo amapezeka kwambiri mu nsomba. Soya ndi mafuta ophikira a soya ali ndi omega-3 wa ku zomera koma thupi limangosandutsa pang'ono chabe kukhala DHA.

Nabanda Original:
Nde mukufuna kunena kuti ana anga alibe ubongo? Ma DHA anuwo agogo athu ankawadziwa? Inu anesi ndi omwe mumatikalipira kusikelo tikachedwa ndi mphindi zisanu, lero mwabwera kudzatiphunzitsa pano. Ine pa mwana wachitatu ndinafika mbandakucha nkukhala pa benchi mpaka 12 koloko osadya kanthu, nesi akungoseweretsa foni. Zimenezo bwanji simukuzinena?

Make Tamanda:
Pepani kuti zinakuchitikirani amayi, sizoyenera. Koma ndikufunseni, kwanu simunkadya matemba kapena utaka?

Nabanda Original:
Tinkadya inde koma sizikukhudzana.

NaPhiri ku Leeds:
Kuno azamba amatipatsa malangizo omveka bwino. Nsomba kawiri pa sabata, kamodzi kakhale ka nsomba zamafuta ngati sardine, salmon kapena mackerel, koma zamafutazo osapyola kawiri pa sabata. Nsomba za kunyanja yamchere zotchedwa shark, swordfish ndi marlin amaletseratu chifukwa cha mercury, poizoni yemwe amachuluka mu nsomba zimenezi. Cod liver oil ndi chiwindi cha nyama amaletsanso. Kwa amene sadya nsomba kuli makapusozi a DHA opangidwa kuchokera ku ndere za mmadzi, sanunkha nsomba.

Nabanda Original:
Shark ayipeza kuti ku Mchesi? Anthu mukangokwera ndege basi mwayamba kutiuza za salmon. Munthu akudandaula kuti mwamuna sakugula chambo inu mukuti salmon. Mxii.

NaPhiri ku Leeds:
Ndangonena zomwe anandiuza ine amayi, sindinati akagule salmon. Sardine ndi pilchards za mchitini zija zimapezeka mmagolosale kumudziko, ndipo sizifuna firiji usanatsegule.

Mai a mapasa:
Ine nkhani ya amunayo ndi imene yandikhudza mtima. Wanga anali chimodzimodzi, ndili ndi mimba ya mapasa ndinkagona ndi tiyi wopanda mkaka iye akudya kanyenya ndi anzake pa siteji. Ndinatupa miyendo, magazi anachepa mpaka anandigoneka masiku anayi. Kuchipatala anabwera kamodzi atanyamula nthochi zitatu. Ana ali ndi miyezi 7 ndinanyamula katundu kubwerera kwa amayi anga ndipo sindinabwererenso. Asisi musamalekerere, itanani ankhoswe mimba isanakule.

Nabanda Original:
Apa nde mwanena zoona. Ankhoswe abwere. Ndipo apongoziwo abwerere kwawo ku Dedza akalime mbatatesi.

Chifundo Zaumoyo:
Asisi ndipezeni ku inbox ndili ndi chia seeds, flaxseed ndi ufa wa moringa, omega-3 wachilengedwe wopanda makemiko, ndimabweretsa mpaka pakhomo Lilongwe yonse.

Admin 2:
Malonda pa Lachisanu pokha chonde, tinanena kale.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Za ankhoswe ndaganizapo koma ankhoswe a kuchimuna ndi achimwene a apongozi omwewo nde mukuona. Amuna anga si oipa kwenikweni kungoti amamvera mayi awo kwambiri, dzulo ndawafunsa za mazira akuti ingopirira akapita uzidya. Apita liti poti akuti adikira mpaka ndichire? A ku Nkhotakota ndiyesa za ndimuzo.

Make Tamanda:
Achemwali simunandiyankhe. Pabotolo palembedwa chani? Miyezi ingati? Ndipo kupatula ayironi ndi folic acid wa kusikelo pali mavitamini ena omwe mukumwa? Pakadali pano imani kaye kumwa makapusoziwo mpaka wina wachipatala aone botolo, kudumpha masiku ochepa sikuononga kanthu. Akakhala fish oil wamba nthawi zambiri palibe vuto, muyezo umene amalimbikitsa ndi pafupifupi 200 mg ya DHA patsiku ndipo mwana amaifuna kwambiri miyezi itatu yomaliza pomwe ubongo ukukula msanga. Akakhala cod liver oil musachite mantha, masabata awiri pa muyezo wolembedwa pabotolo sizitanthauza kuti mwana wavulala, koma musiye ndipo mukanene kusikelo. Ayironi ndi Fansidar zija musasiye.

Mnyamata wa ku Chipata:
Kuno kwathu ni kapenta, madam anga anali kudya na nsima pafupifupi daily. Ngati kununkha kwavuta sinjani ikhale ufa muziika ka supuni mu ndiwo zamasamba, simumva kwambiri.

Mtsikana wa ku Nkhotakota:
Eya ngakhale bonya amasinjika bwino, kuthira mu chisoso kapena bonongwe wotendera.

Nabanda Original:
Mwaona? Mwabwerera ku zotendera zanga zomwe zija. Ndinanena ine kuti nsinjiro. Anthu ophunzira inu mumazungulira mtunda wautali.

NaPhiri ku Leeds:
Akunena ufa wa nsomba amayi osati nsinjiro.

Nabanda Original:
Inu khalani chete muzidya shark wanuyo.

Mayi Mbusa:
Mwana wanga usaope, Mulungu amene anaika mwanayo mmimba amuteteza. Ndikupempherera usiku uno. Koma botolo pita nalo kusikelo monga akunenera anesiwo, ndipo mazira uziphika bwino mpaka apse udye olo kwa aneba.

Membala wobisa dzina:
Amen mayi. A Make Tamanda pepani ndinali kumpopi. Botolo sindikuliona pomwe ndinaika, ndafunsa apongozi akuti analisunga iwo chifukwa mankhwala a ku Joni sadziwika. Ndikukumbuka kuti ndi loyera ndipo pali chithunzi cha nsomba. Ndawatumizira uthenga alamu anga kuti andiuze dzina lake koma sanawerenge.

Make Tamanda:
Chithunzi cha nsomba chimakhala pa mitundu yonse iwiri. Alamuwo akayankha mundiuze. Nanga miyezi ija?